Mtengo Umene Ndinamangapo Waya wa Wayilesi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndi zala, osati ndi mutu. M'kalasi lathu la Sitandade Sikisi pa mishoni munali anyamata anzeru kundiposa, zimenezo sindikana. Koma ine ndinali ndi matenda anga: chinthu chokhala ndi nati kapena waya sindinkachidutsa osachigwira. Wansembe wachizungu woyang'anira masukulu, amene tinkangoti a Fada, anandipeza tsiku lina ndikulumikiza waya wa nyali ya njinga yawo yamoto, umene unawasowetsa mtendere sabata yathunthu. Sanandiyamike. Anangoti, "Iwe, Lolemba ubwere ku ofesi."

Ndinapita ndikuti basi ndalakwa kugwira njinga ya eni ake. Pa tebulo panali chinthu chozungulira ngati sefuliya, chopakidwa utoto wabuluu, kutsogolo kuli kansefa, pambali pake batire lalikulu. Imeneyo inali wayilesi. Chaka chake chinali 1955, ndipo ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

"Sukulu yathu ya kufupi ndi Mlolo ili ndi mphunzitsi mmodzi ndi ana makumi anayi," anatero a Fada. "Ndikutumiza iwe pamodzi ndi ichi. Koma umvetse. Ana akachepera makumi awiri, mphunzitsi wachiwiri safunika, wayilesinso ipita ku sukulu ina."

Ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe. Kwathu ndinali woyamba kutchedwa aphunzitsi, ndipo amayi anga anauza mudzi wonse ndisanamange n'katundu yemwe. Ndinanyamuka pa njinga yakapalasa, wayilesi nditaikulunga m'bulangeti, batire nditalimanga ndi luzi pa keriyala. Paliponse pamene panali mabampu ndinkatsika n'kumakankha.

Sukuluyo inali nyumba imodzi yaudzu, yogawidwa pakati ndi mphasa. Aphunzitsi aakulu anali a Mbewe, munthu wofatsa, wolankhula ngati mawu amagula. Anayang'ana wayilesiyo nthawi yaitali, kenako anati, "Chabwino, aphunzitsi aang'ono. Tiona." Mawu akuti "tiona" amenewo sanandikomere, ndipo ndinawasunga mumtima.

Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kotere. Phunziro la masukulu linkachokera ku Lusaka kawiri pa sabata, Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa, ndipo linkatenga mphindi makumi awiri basi. Tinali ndi kabuku kotiuza zimene zidzanenedwe tsiku lililonse: Chingerezi, nyimbo, nthawi zina zaukhondo. Dzulo lake ndinkalemberatu mawu atsopano pa bolodi n'kuwaphunzitsa, kuti ana asakumane nawo koyamba m'kamwa mwa wayilesi. Tsikulo ndinkawakhazika pansi mokhota ngati uta, aang'ono kutsogolo. Batire silinkakhala pansi chifukwa cha chinyezi ndi chiswe, choncho ndinalipangira kathandala kake. Wotchi inali ya a Mbewe. Akagwedeza mutu, ine ndinkalowetsa pulagi, n'kupotokola kachitsulo pang'onopang'ono mpaka pa chizindikiro chimene ndinalemba ndi pensulo. Mawu aja akati "bwerezani", ndinkakweza ndodo ana n'kubwereza, ndikatsitsa n'kukhala chete. Phunziro likangotha ndinkazula pulagi pomwepo, chifukwa batire lina linkabwera teremu ikatha. Kenako ndinkafunsa mafunso, ana n'kulemba pa masileti.

Koma zonsezo zinkafuna mawaya awiri. Wina unkapita pansi. Kabuku kanati ukwirire chitsulo m'dothi lonyowa, ndiye ine ndinakumba kuseri kwa sukulu, n'kukwirira khasu lakutha pamodzi ndi makala ndi mchere pang'ono, ndipo m'mawa uliwonse ndinkathirapo madzi. Waya winawo, eriyo, unkayenera kukwera m'mwamba ndithu. Apa ndiye panali vuto. Sukulu inali m'chigwa, kuseri kwa phiri. Nditamanga eriyo pa denga, wayilesi inkangoti shwee, mawu a munthu akumveka ngati ali m'mbiya. Mitengo yonse yaitali pafupi ndi sukulu inali itatha ndi zomangira. Yotsala inali ya kumanda.

Musandiyese chitsiru chenicheni. Ndinkadziwa kuti kumanda salowako munthu wamba, ndipo ndinkadziwanso kuti m'nkhalango ya manda a mudzi umenewo munali dambwe, kumene a Gule amakonzekera. Ine mwana wa akhristu, wosavinidwa, sindikanayerekeza kupondamo. Koma panali mtengo umodzi wa muwanga, wautali bwino, umene unaima pawokha kunja kwa nkhalangoyo, chakuno ku sukulu. Ndinauzungulira kawiri. Panalibe mtumbira ngakhale umodzi. Panali udzu waufupi, timiyala, ndi mapale a miphika yosweka ali mbwee. Ndinati awa ndi malo otayako zinyalala zakale. Ndinakankha mapalewo ndi phazi kuti makwerero anga ansungwi akhale bwino, ndinakwera, n'kumanga waya pa nthambi, pakati nditaikapo khosi la botolo kuti waya usakhudze mtengo. Sindinafunse munthu aliyense, chifukwa m'mutu mwanga munalibe funso.

Lachiwiri lotsatira, abale inu! Nditangopotokola kachitsulo, mawu anatuluka ngati mwiniwake waima pakhomo: "Moni, ana a sukulu nonse!" Ana aang'ono a kalasi loyamba, Sabu A, anathawira kuseri kwa mphasa, wina anatulukira pa windo. Mmodzi yekha ndiye sanathawe, mtsikana wa Sitandade Wanu dzina lake Malita. Anadzuka, n'kukasuzumira kumbuyo kwa wayilesi, n'kubwerera pamalo pake, ndipo mawu aja atati "bwerezani", anabwereza yekhayekha. Masabata atatu oyamba ana anachuluka mpaka ena ankakhala pakhomo. Ine ndinkayenda m'mudzi chifuwa chili patsogolo, choko dala osachipukuta m'manja.

Sabata yachinayi ana anayamba kuchepa. Sanachoke tsiku limodzi, ayi. Lero awiri, mawa atatu. Ukafunsa, mnzake ankati wapita kukalondera anyani kumunda. Ukakumana ndi mayi wake panjira, ankapatuka n'kugwada monga mwa ulemu, koma maso ali kumbali, moni wake waufupi. Amayi onse a m'mudzimo anayamba kundichita zimenezo. Amene ankandibweretsera maungu ndi mtedza anasiya.

Tsiku lina m'mawa ndinapeza eriyo yanga pakhomo pa sukulu. Sinadulidwe. Inali itamasulidwa, n'kukulungidwa bwinobwino, khosi la botolo lili pamwamba pake losasweka. Munthu akakubera umadziwa kuti ndi wakuba, koma uyu wokubwezera chinthu atachikulunga mwaudongo chonchi akufuna kukuuza chiyani? Ine ndinamva kuti akundiopseza. Ndinatenga makwerero n'kukamanganso tsiku lomwelo, mfundo zake zitatu.

Masiku amenewo anthu ankakayikira chilichonse chochokera ku boma kapena kwa azungu. Chitaganya chinali chitangobwera anthu osachifuna, ndipo mphekesera za anamapopa zinali pakamwa pa aliyense. Choncho zonena sizinasowe. Ena ankati wayilesi imamva zonse zonenedwa m'mudzi n'kukazitula ku Lusaka. Ena ankati mayina amene ndimaitana m'kaundula amalowa m'wayamo. Enanso ankati mphunzitsi wamng'onoyo wakwirira mankhwala kuseri kwa sukulu ndipo amawathirira m'mawa uliwonse. Pa zimenezi ndinaseka, koma nditaganiza bwino ndinaona kuti munthu wokwirira khasu, makala ndi mchere, n'kumathira madzi mbandakucha, ngakhale kwathu akanamunena. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinaitana abambo angapo, ndinafukula zonse iwo akuona, n'kufotokoza ntchito yake. Anagwedeza mitu, wina anati, "Tamva, aphunzitsi." Lolemba ana anachepanso ndi anayi.

Tsono ndinayamba kusaka mdani wanga, ndipo sindinachedwe kumupeza. Panali bambo wina wachikulire, a Chimwala, mkulu wa adzukulu okumba manda, amene aliyense ankadziwa kuti ndi mkulunso kudambwe. Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse, nthawi ya wayilesi ikamakwana, ankabwera n'kukhala pa chulu moyang'anana ndi windo la kalasi langa, nkhwangwa ili pa phewa. Osalankhula, osaseka. Ndikazula pulagi, iwo ankanyamuka. Ndinati eya, ndi ameneyu. Akuopa kuti waya wanga ukumvetsera zinsinsi za kudambwe n'kumakauza a Fada. Ndikamaphunzitsa, diso limodzi linkakhala pa bolodi, lina pa chulu, mpaka tsiku lina ndinaiwala kutsitsa ndodo ana n'kumangobwereza mawu amodzimodzi.

Eriyo inabwezedwa kachiwiri, yokulungidwa chimodzimodzi. Ndinapita nayo kwa a Mbewe ndikupuma mwaukali.

"Aphunzitsi aakulu, mukuziona izi? Mukungokhala chete?"

Anaitembenuza m'manja, n'kundibwezera. "Mtengo ujatu," anatero, maso ali pansi. "Bwanji mukanakamba ndi amayi a kunyumba kwangaku?"

Ha! Ndinapsa mtima. Ine wophunzira kwa a Fada, ndikafunse akazi awo a Mbewe za eriyo? Munthu woti ngakhale dzina lake salemba? Ndinaona kuti akundinyoza, ndipo ndinakumbukira "tiona" uja. Eriyo ndinakaimanganso pa mtengo womwe uja. Kuyambira tsikulo a Mbewe nawonso analowa m'gulu la okayikiridwa. Ndinkati nsanje yawapweteka chifukwa ana ankakonda kalasi langa. Ndinasiya kudya kwawo, ndinayamba kudziphikira ndekha, ndipo batire ndinkagona nalo kumutu. Ndikaona anthu awiri akulankhula panjira ndinkati akunena ine. Kunena zoona, masiku amenewo ndinali munthu woipa kukhala naye.

Malita anali asanasiyebe sukulu. Amayi ake, aNabanda, anali ndi pakati potopa, ndipo mwanayo ankabwera mochedwa atatunga madzi, koma tsiku la wayilesi sankalephera. Ndinamufunsa kamodzi kuti anzake akuthawa chiyani. Anakanda pansi ndi chala chakuphazi, n'kuti, "Amayi anati tisamanene." Sabata yotsatira naye sanaonekenso. Apo ndiye mtima unandiwawa zenizeni, chifukwa mwana ameneyo ndinkamuwerengera kuti adzafika ku mishoni.

Ndinakhala pansi n'kulemba kalata kwa a Fada. Ndinalemba kuti anthu a Gule akulimbana ndi sukulu, kuti mtsogoleri wawo ndi a Chimwala, ndipo ndi amene akumasula waya wa mishoni ndi kuopseza ana. Ndinalemba ngati ndinawaona ndi maso anga. A Mbewe sindinawaonetse. Ndinaipereka kwa munthu wopita ku mishoni, ndipo yankho linabwera lalifupi: a Fada afika Lachinayi kudzaona phunziro la wayilesi ndi kuwerenga ana. Nditawerenga m'pamene ndinazindikira kuti ndadziitanira ndekha chiweruzo. M'kaundula munali mayina makumi anayi, koma obwera anali asanu ndi awiri.

Lachinayi lija ndinadzuka m'mawa, ndipo pakhomo pa sukulu ndinapeza chimene ndinkachiopa: eriyo, yokulungidwa, kachitatu. Dzuwa linali litatuluka kale, a Fada akanatha kufika nthawi iliyonse. Ndinanyamula makwerero pa phewa, waya m'manja, n'kuthamangira ku muwanga uja ndikutukwana chamumtima. Ndinati lero ndikamupeza mdala ameneyo, kaya ali ndi nkhwangwa, tionana.

Sindinapeze a Chimwala. Ndinapeza amayi asanu ndi mmodzi, onse achikulire, atakhala pansi pa mtengo miyendo atatambasula, chete. Panalibe wolira. Pakati pawo panali dothi lofiira, longokumbidwa kumene, malo ake ochepa ngati lichero, atalisalaza ndi manja osaunjika mtumbira. Mayi wina anali akuikapo phale la mphika. Ndinaima chilili, makwerero ali pa phewa. Ndinayang'ana phalelo, ndinayang'ana mapale ena aja amene ndinawakankhira kumbali, ndipo ndinaona kuti wina anali atawabwezera, lililonse pamalo pake.

Amene analankhula anali aNankhoma, mzamba wa m'mudzimo. Sanakweze mawu.

"Imani pomwepo, aphunzitsi. Musafike kuno."

Ndinaima.

"Izi si zoti mwamuna amve, makamaka inu wosakwatira. Koma mwatikakamiza. Pano timagoneka ana athu opita padera, ndi makanda otisiya asanatuluke m'chikuta. Salowa kumanda kwa akulu, salira maliro, abambo awo sapondapo. Timawaika ife tokha, pafupi pomwepa, osazamitsa. Phale lililonse mukuliona apa, mayi wake amalidziwa." Kenako analoza pansi pa nthambi imene ndinkamangapo. "Pamene mumaimika makwerero anu pali wanga."

Ndinatsitsa makwerero aja pang'onopang'ono. Mayi wina anandiuza, osandiyang'ana, kuti wa lerowo ndi wa aNabanda, amayi ake a Malita, ndipo m'mudzi ena ayamba kale kunena kuti mwanayo wapita chifukwa anzake pansipo apondedwa. Ine sindinakhulupirire zimenezo, ndipo mpaka lero sindikhulupirira. Koma ndinamvetsa chifukwa chimene mayi aliyense ankachotsera mwana wake m'manja mwanga. Ndani angatumize mwana wamoyo kwa munthu woponda pa mwana wake wakufa, katatu konse?

"Tinakubwezerani waya wanu wosadula, kuti mudzifunse," anatero aNankhoma. "A Chimwala tinawapempha ndife. Ankaukola ndi ngowe ataima kutali, osapondapo. Kachiwiri tinati mwina tsopano afunsa. Tinauza akazi a aphunzitsi aakulu kuti akabwera mumuuze mwakachetechete. Simunapite." Kenako anandiyang'ana m'maso koyamba. "Anthu akuti chinthu chanucho chimamva. N'zoona?"

"Iyayi, amayi," ndinayankha. "Sichimva. Chimangolankhula."

"Nanga inu?"

Ndinagwada pomwepo pa udzu, ndinaomba m'manja, n'kubwerera chambuyo. Ndili m'njira ndinamva njinga yamoto ikulira kutsidya kwa dambo.

A Fada anapeza ana asanu ndi awiri, a Mbewe ali ndi wotchi m'manja, ine ndili ndi eriyo yokulungidwa. Nthawi itakwana ndinaponya waya pa denga n'kulowetsa pulagi. Shwee. Mawu a ku Lusaka ankamveka ngati munthu akuitana kutsidya kwa mtsinje wodzaza. Ndinazimitsa, ndinatsegula kabuku, n'kuphunzitsa phunzirolo ndi pakamwa panga. Pa chulu paja a Chimwala anali atakhala monga mwa masiku onse.

Titamaliza, a Fada anatulutsa kalata yanga m'thumba. A Mbewe anaiyang'ana, n'kundiyang'ana ine.

"Munthu wako ndi uyo?" anafunsa a Fada, akuloza ku chulu. "Muitane. Ngati akuwononga katundu wa sukulu, nkhaniyi ndipita nayo ku boma."

Apa ndiye panali pothawira. Ndikanangoti inde, mlandu wa ana osowawo ukanagwera a Chimwala ndi Gule wawo, a Fada akanakhulupirira msanga chifukwa nkhani zotero ankazimva kawirikawiri, ndipo ine ndikanatsala woyera, mwina n'kungosamutsidwa ndi wayilesi yanga. Ndinaganizadi zimenezo, sindibisa. Koma funso la aNankhoma linali likadali m'khutu.

"A Fada, kalatayo ndinalemba zabodza," ndinatero. "Sindinawaone akuopseza mwana aliyense. Wolakwa ndine. Ndinamanga waya pamalo posayenera, osafunsa."

"Malo anji?"

"Malo a amayi. Sindingathe kufotokoza zambiri."

Anandiyang'ana nkhope itafiira. Sanakonde yankholo, koma anali atakhala zaka zambiri kuno, ndipo sanafunsenso. Anawerenga ana, ngakhale kuti panalibe chowerenga. Kenako anakulunga wayilesi m'bulangeti langa lomwe lija, n'kuimanga pa njinga yawo pamodzi ndi batire. "Ndinakuuza," anatero. "Wayilesi ikupita. Iwe ndikupatsa mpaka kutha kwa mwezi. Ana akapanda kukwana makumi awiri, ubwerere kwanu." Njinga inalira, fumbi linabuka, ana asanu ndi awiri aja anaithamangira mpaka ku dambo. Ine ndinalowa m'kalasi n'kukhala pa kathandala ka batire, ndipo ndinalira ngati mwana.

Amene anandipeza mmenemo ndi a Chimwala. Anatsamiritsa nkhwangwa pakhomo, n'kusuzumira pa tebulo.

"Apita nacho?"

"Apita nacho, abambo."

"Aaa, zachisoni," anatero. "Nyimbo ija ya Lachinayi ndinali nditatsala pang'ono kuigwira." Kenako anakonza kukhosi, n'kunena mokweza bwino, "Gudu moningi, tichala!" Munthu amene ndinamuyesa kazitape masabata onsewo ankabwera pa chulu kudzaphunzira. Ndinawauza za kalata ija, zonse, osasiyako. Anamvetsera, n'kupukusa mutu. "Mwana iwe," anati, "ukanangondipatsa moni tsiku limodzi."

Madzulo ake ndinapita kwa akazi awo a Mbewe, kumene ndinayenera kupita poyamba. Anandiuza chochita, ndipo ndinachita monga ananenera. Sindinapite ndekha kwa amayi aja, chifukwa sizikanayenera. Anapita iwo m'malo mwanga, atanyamula nkhuku yoyera ndi ufa, kukapepesa kwa aNankhoma ndi kwa aNabanda. Makwerero aja ndinawawaza n'kuwasandutsa nkhuni. Yankho silinabwere tsiku lomwelo, ngakhale sabata imeneyo. Ndinkaphunzitsa ana asanu ndi awiri, Lachiwiri ndi Lachinayi ndikutsata kabuku ngati kuti wayilesi ilipo, ndodo ndikukweza ndi kutsitsa, maso ali kunjira.

Sabata yachiwiri anabwera atatu. Kenako asanu. Amayi anayambanso kundiyankha moni wathunthu, ngakhale ena sanandikhululukire mpaka ndinachoka kumeneko, ndipo sindiwaimba mlandu. Tsiku lomaliza la mwezi a Mbewe anawerenga ana kawiri, kuopa kulakwitsa: makumi awiri ndi atatu. Ntchito inapulumuka ndi ana atatu. Wayilesi inabwerera teremu yotsatira, ndipo inapeza mlongoti ukuidikira, nsungwi zitatu zolumikiza zimene a Chimwala ndi adzukulu anzawo anazika pa chulu chija. Malo ake anasankha ndi aNankhoma.

Malita sanabwerere. Amayi ake anadwala nthawi yaitali, ndipo mwanayo anatsala pakhomo kulera azing'ono ake. Ndinapita kawiri kukapempha, bambo ake anandilandira bwino, koma mayiwo sanatuluke m'nyumba. Patapita zaka zingapo ndinamva kuti anakwatiwa cha ku Pembamoyo. Mwana amene sanathawe wayilesi tsiku loyamba uja anathera Sitandade Wanu. Anthu amandiuza kuti mwina akanasiyabe, poti atsikana ambiri nthawi imeneyo ankasiya. Mwina. Koma ine ndimadziwa amene anaimika makwerero.

Ndaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zisanu kuchokera pamenepo. Zadutsa m'manja mwanga wayilesi zamitundumitundu, galamafoni, makina oonetsa zithunzi pakhoma, matepi. Zonsezo ndi zabwino, ndipo mwana amene wamva Chingerezi m'kamwa mwa mwiniwake amachigwira msanga kuposa wongomva kwa ine. Koma palibe chimodzi mwa izo chimene chinadziwapo kuti mwana wakumbuyo uja sanadye, kapena kuti amayi asiya kuyankha moni. Aphunzitsi achinyamata akabwera ndi makina awo atsopano n'kundifunsa kuti ayambire pati, amayembekeza kuti ndinena za batire. Ine ndimawauza kuti asanakhome msomali, asanakumbe dzenje, asanamange waya paliponse, apite kaye akakhale pansi ndi amayi achikulire a pamalopo, afunse, ndipo akayankhidwa mozungulira afunsenso. Ena amaseka. Ndimawasiya aseke, kenako ndimawafunsa ngati makina awowo amamva. Amati iyayi. Ndiye ndimawafunsa funso lachiwiri lija, limene ine ndinalephera kuyankha pansi pa muwanga.